Theka la asilikali kunja kwa tebulo: tiletse kapena tisiye?

Mphatso wa ku Kamwendo: Akuluakulu, ndili ndi dandaulo ndipo ndikufuna likambidwe pano aliyense akuona. Ndikupempha tiike lamulo lathulathu: pa masewera athu a Loweruka a Warhammer 40,000, nkhondo ija ya tiasilikali ta pa tebulo, munthu asamasiye kunja kwa tebulo asilikali opitirira kotala la mapointi ake, mtengo uja umene asilikali ake onse amakwana. Zomwe akuchita achimwene Yamikani zatikwana. Munthu ulipira minibasi kuchoka ku Kamwendo, ufika pa boma, uyala tiasilikali tako tonse mwaulemu, ukweza maso kuyang'ana tsidya linalo, mulibe munthu. Timagulu titatu tobisala kuseri kwa mabwinja, basi. Raundi yoyamba yonse mfuti zako zikungolondera mphepo. Raundi yachiwiri anthu akutsikira kumbuyo kwako. Amenewa ndi masewera?

Yamikani: Aise, buku la malamulo sindinalembe ine. Kadandaule ku Nottingham kwa a Games Workshop.

Mphatso wa ku Kamwendo: Ndikudandaula kwa iwe amene ndimakumana nawe pa tebulo.

Bambo a Tadala (admin): Anyamata, pang'onopang'ono. Nkhani ndi yabwino, tisaiwononge ndi mtima. Yamikani, tafotokozera ena malamulo enieniwo kaye, chifukwa pano pali anthu amene sanagwirepo Warhammer 40,000, amadziwa zapepala zathu zija zokha.

Yamikani: Zikomo bambo. Ndikunena za 10th edition, ija inatuluka mu 2023, yomwe tikugwiritsa ntchito ife. Njira zosiyira asilikali kunja zilipo ziwiri. Yoyamba ndi Strategic Reserves: kagulu kalikonse kangalowe mmenemo, koma onse pamodzi asapitirire kotala la mapointi. Pa masewera a mapointi 2000 ndiye kuti 500. Amenewa amalowera m'mphepete mwa tebulo, osapitirira mainchesi 6 kuchoka kumphepeteko, ndipo pa raundi yachiwiri saloledwa kulowera m'dera limene mdani anayalira asilikali ake. Yachiwiri ndi Deep Strike, ya timagulu tokhala ndi luso limenelo, monga ma Terminator anga, asilikali a zovala zachitsulo zolemera aja. Awa amatsika paliponse, bola akhale kutali ndi mdani kuposa mainchesi 9. Mukaphatikiza zonse ziwiri, malamulo a mishoni amati musapitirire theka la mapointi ndi theka la timagulu. Raundi yoyamba palibe wolowa. Amene sanalowe pofika kumapeto kwa raundi yachitatu amawerengedwa kuti afa. Ndiye muone, malire alipo kale, atatu kapena anayi. Mphatso akufuna wachisanu chifukwa chakuti sakonda kutembenuka.

Aphunzitsi Banda: Ndilowepo. Ine pa lamulo latsopano sindinaganize, koma pa funso lakuti kusunga theka kunja ndi nzeru kapena ayi, ndili kumbali ya Mphatso, ngakhale iyeyo sakudziwa kuti masamu akumuikira kumbuyo.

Mu 1916 Mngelezi wina, Frederick Lanchester, anasonyeza kuti magulu awiri akamawomberana onse akuonana, mphamvu ya gulu imayendera chiwerengero chake chochulukitsidwa ndi chiwerengero chomwecho. Tiyese. Mphatso ali ndi mfuti 10, Yamikani ali ndi 10, koma wayala 5 zokha. 10 kuchulukitsa ndi 10 ndi 100. 5 ndi 5 ndi 25. Kuchotsa, patsala 75, ndiye kuti Mphatso amaliza asanu oyambawo akadali ndi anthu pafupifupi 9. Asanu achiwiri afika: 75 kuchotsa 25, patsala 50, anthu 7. Magulu ofanana ndendende, koma wina watha psiti, mnzake wataya atatu okha. Palibe dayisi imene yachita zimenezi. Ndi kubwera kamodzikamodzi basi. Akulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi.

Chachiwiri ndi nthawi. Masewera ali ndi maraundi 5. Kagulu kolowa pa raundi yachiwiri kataya gawo limodzi mwa asanu la ntchito yake. Kolowa pa yachitatu kataya magawo awiri. Mapointi walipira athunthu, ntchito walandira yoperewera.

Yamikani: Aphunzitsi, mwaulemu, masamu anuwo ali ndi mawu amodzi amene mwawadutsa mothamanga: "onse akuonana". Ndani wakuuzani kuti asanu angawo ndimawaimika poyera? Amakhala kuseri kwa mabwinja. Mphatso wanena yekha kuti raundi yoyamba amalondera mphepo. Ndiye 100 wakeyo akuchotsa chiyani?

Ndipo za nthawizo ziwerengeni mbali zonse. Kagulu kolowa pa raundi yachiwiri kataya gawo limodzi, chabwino. Nanga kagulu kodula kamene ndakayala, kenako Mphatso wapeza mwayi woyamba kusewera, wakawomba ndi akasinja ake atatu kasanasunthe? Kataya magawo asanu onse. Tebulo lathu lilibe mabwinja okwanira kubisa aliyense. Amene sakukwana kuseri ndimawasunga kunja. Kumeneko chipolopolo sichifika.

Aphunzitsi Banda: Pamenepo walasa. Ngati malo obisala ndi ochepa, rizevu, asilikali osungidwa kunja aja, ndi bwinja losagumuka. Koma ukatsika nawo umatani? Umatsika pa mainchesi 9 n'kuyesa charge, kuthamangira mdani kukamenyana naye pafupi, ndi madayisi awiri. Njira zogwera madayisi awiri zilipo 36. Zopereka 9 kapena kuposa ndi 10 zokha, ndiye pafupifupi 28 pa 100. Ukalipira Command Point, pointi yogulira machenjera apadera, kuti uponyenso, zikwera kufika pafupifupi 48 pa 100. Ngakhale theka silinakwane. Ndakuona kangapo ukutsitsa ma Terminator ako, charge yakana, n'kungoima pabwalo manja lende, Mphatso akuwasenda bwinobwino.

Tiyamike: Moni nonse, ndangoweruka kumene, ndapeza mauthenga mbwee. Aphunzitsi, Yamikani anasiya kale kudalira 9 imeneyo. Masiku ano akugwiritsa ntchito Rapid Ingress. Amalipira Command Point imodzi, n'kutsika iwe ukangomaliza kuyendetsa asilikali ako, m'nthawi yako yomwe. Amasankha kuseri kwa khoma kuti usamuwombe. Ikafika nthawi yake amayenda mainchesi 5 a Terminator, ndiye charge yatsala ya 4. Aphunzitsi tiwerengereni.

Aphunzitsi Banda: 33 mwa 36. Kuposa 90 pa 100. Aaa, ndiye mwanayu wachenjera ndisakudziwa.

Mphatso wa ku Kamwendo: Mwaonatu! Ndiye mukuti tisaike lamulo?

Tiyamike: Ayi Mphatso, lamulo lisaikidwe. Ine Yamikani ndimamugonjetsa kawirikawiri kuposa mmene amandigonjetsera, ndi asilikali a pepala omata pa katoni, ndipo iye ali pompano angatsutse.

Mainchesi 9 aja ndi mpanda wako iwe, osati wake. Kasilikali kamodzi, kotchipa kwambiri, kakaima penapake, katseka bwalo la mainchesi 18 kuchoka uku kufika uko. Tebulo ndi la mainchesi 44 ndi 60. Ukayala kagulu ka anthu 10 motalikirana monga malamulo akulolera, watseka kamtunda kaakulu zedi. Ine ndimasiya timagulu tiwiri totchipa kumbuyo kwanga, kamodzi ngodya iyi, kena ngodya iyo, ndipo ndisanamalize kuyendetsa asilikali ndimatenga tepi n'kuyeza mipata. Funso langa limakhala limodzi: pali malo okwana anthu asanu a mabesi aakulu aja? Ngati palibe, atsikire kutsogolo kwanga kumene mfuti zaloza, kapena adikire raundi yachitatu. Akadikira, nkhawa yasamukira kwa iye, chifukwa yachitatu ikatha anthu ake afera m'thumba.

Vuto lako Mphatso ndi lakuti ukaona tsidya kulibe anthu, umathamangitsa aliyense kutsogolo, akasinja ndi oyenda pansi omwe, kumbuyo n'kusiya kuli gwa! kotsegula. Umachita kumuyalira mphasa.

Yamikani: Achemwali akunena zoona, amandivuta. Koma taonani chimene avomereza osadziwa. Timagulu tiwiri tathunthu takhala kumbuyo maraundi awiri kapena atatu, osawomba, osalimbirana malo apakati, kulondera anthu amene sali n'komwe pa tebulo. Imeneyo ndi ntchito ya rizevu wanga, aphunzitsi, ndipo m'masamu anu mulibe. Munati kagulu kakunja sikagwira ntchito pa raundi yoyamba. Kamagwira. Kamamanga miyendo ya mdani.

Tiyamike: Timagulu tanga tiwirito mtengo wake sukwana ngakhale theka la ma Terminator ako. Ndipo kamodzi kamakhala pa objective yakwathu, amodzi mwa malo olimbirana opatsa chipambano, kumene kakanakhala ngakhale iwe ukanapanda kusunga munthu. Ndiye ndani wamanga mnzake miyendo?

Yamikani: Mmm.

Mabvuto ku Chipata: Mwachoma bwanji a ku Mchinji. Ba Yamikani, imwe muli na mwayi, masewera yanu rizevu imabwera pamene mwaiitana. Kuno tisewera Bolt Action ya Warlord Games, edition yachiwiri, ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kagulu ka rizevu sikalowa pa turn yoyamba, ndipo kuyambira yachiwiri kayenera kupambana order test, mayeso ya madayisi awiri yoona ngati kamvera lamulo, yochotsedwa 1. Asilikali wamba a Regular ali na 9, manje ikhala 8. Dayisi ikakana, akhala konko, uyesenso turn inayo. A America alibe chilango ichi, ati chifukwa cha mawailesi awo. Ndiye pali kuzungulira m'mbali: ulemba mwachinsinsi pa kapepala kuti kumanzere kapena kumanja, ndipo salowa mpaka turn yachitatu, mainchesi 24 chabe kuchoka ku mbali yako. Ukadikira turn yachinayi, 36. Masewera ndi ma turn 6, mwina 7. Ukasankha mbali yolakwika, nkhondo yasamukira kwina, anthu ako afika kumunda kopanda munthu.

Aphunzitsi Banda: 8 kapena kutsika pa madayisi awiri ndi 26 mwa 36, pafupifupi 72 pa 100. A Veteran 83, osaphunzira bwino aja 58. Ndiye kwanuko munthu wanzeru sasunga kunja anthu a Inexperienced.

Mabvuto ku Chipata: Ni zoona aphunzitsi. Koma pali kabwino kena. Dayisi ya kagulu ka rizevu imalowabe m'thumba lotolamo ma order. Turn yoyamba ikatuluka dayisi yako ndipo sufuna kuonetsa dzanja, uipatsa a kunja aja Down, order yakuti akhale chabe, mnzako ayambe ndiye kusuntha.

aJere: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Nonse mukukamba za rizevu wa kunja kwa tebulo ngati ndi yekhayo. Amene ankamenya nkhondo zenizeni, rizevu wawo ankakhala pabwalo pomwepo, kumbuyo kwa mzere, maso a mtsogoleri ali pa iye.

A Zulu ankayala impi ngati mutu wa njati. Chifuwa pakati chogwira mdani, nyanga ziwiri za anyamata othamanga zozungulira m'mbali, ndi gulu lachinayi kumbuyo, losamenya mpaka induna italoza. Amati nthawi zina ankawakhazika pansi atafulatira nkhondo kuti magazi asawire asanaitanidwe. Ganizirani zimenezo. Mtsogoleri ankaopa kuti anthu ake omwe alowa msanga kuposa mmene ankaopera kuti achedwa.

Ndipo mantha akewo anali ndi chifukwa. Pa 22 Januwale 1879 ku Isandlwana, chifuwa ndi nyanga zinamaliza msasa wa Angelezi, anthu oposa 1,300 a mbali ya Angelezi anafa. Gulu la rizevu, amuna pakati pa 3,000 ndi 4,000, silinalawe nkhondoyo mokwanira. Dabulamanzi kaMpande, mbale wake wa mfumu Cetshwayo, anawatenga n'kuwoloka nawo mtsinje kulowa ku Natal, kumene mfumu inaletsa, kukaukira Rorke's Drift. Kumeneko kunali anthu pafupifupi 150 okha, koma ali kuseri kwa matumba a chimanga ndi mabokosi a mabisiketi. Anamenya madzulo ndi usiku, anabwerera atasiya mitembo yoposa 350. Gulu lathunthu, lamphamvu zake, linathera pa malo amene ngakhale akanawalanda sakanasintha nkhondo.

Ife a kwa Mlonyeni ndi kwa Zulu kuno makolo athu anachoka kumwera komweko, Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835, ndiye nkhanizi sindizitenga ngati za alendo.

Mphatso wa ku Kamwendo: Agogo, ndiye mukuti chiyani, lamulo liikidwe?

aJere: Ndikuti iwe Mphatso ulibe rizevu ngakhale mmodzi, ndipo ndicho chikukupha. Tiyamike wakuuza za kutchinga. Ine ndikuwonjezera: siya kagulu kamodzi kolimba, kothamanga, pakati chakumbuyo, kuseri kwa bwinja, kosachita kanthu. Yamikani akatsika, kumanja kapena kumanzere, iweyo ndiye umuthamangira. Amene waponya rizevu wake pomaliza ndiye mwini bwalo. Iye watsitsa ake pa raundi yachiwiri, m'manja mwake mwatha. Iwe ukadali ndi ako.

Yamikani: Agogo musamuphunzitse zambiri, ndidzasewera ndi ndani?

aJere: Iwenso ndili nawe mawu. Ndimakuonerera. Umatsitsa anthu ako pa raundi yachiwiri nthawi zonse, kaya mpata ulipo wabwino kaya palibe, chifukwa malamulo atsegula chitseko basi. Amene amakuitanira rizevu ndi buku, osati nkhondo. Ndikakufunsa masewera asanayambe kuti anthuwa ukusungira chiyani, ungandiyankhe ndi chiganizo chimodzi? "Akasinja a Mphatso akadutsa pakati, nditsika kuseri kwawo." Kapena, "akasiya objective yakwawo ndi anthu ochepa, ndilanda." Ngati yankho ndi lakuti "ndiona pompo", sunasunge rizevu, wangochedwetsa anthu.

Bambo a Tadala (admin): Pamenepa aJere andikumbutsa za mbewu ya mtedza. Umaisunga m'thumba miyezi yonse, ana akuipempha uwakaniza, koma umadziwa tsiku lake: mvula yobzalira ikagwa. Ukathamanga ndi kamvula konamiza ka Okutobala iwolera pansi. Ukati ndidikirebe mpaka Januwale apite, ukolola makoko.

Aphunzitsi Banda: Za kudikira kwambirizo zilinso m'mbiri. Ku Borodino mu Seputembala 1812 akazembe a Napoleon anamupempha kuti aponye Imperial Guard, asilikali ake osankhika amene anawasunga kumbuyo, iye anakana, a Russia anachoka pabwalo gulu lawo lisanasweke. Ku Waterloo pa 18 Juni 1815 anawaponya madzulo dzuwa likupendeka, a Prussia atafika kale m'mbali mwake, anabwezedwa. Munthu yemweyo ku Marengo mu 1800 anapulumutsidwa ndi kazembe wake Desaix amene anafika masana ndi gulu latsopano nkhondo itaoneka yotayika, ngakhale mwini wakeyo anafera pompo.

Tiyamike: Aphunzitsi, Desaix sanali rizevu wokonzedwa, anali atatumidwa kwina n'kuitanidwa mwadzidzidzi. Ameneyo ndi wa a Mabvuto uja, wodikira dayisi.

Aphunzitsi Banda: Mwandigwira, mayi. Koma anafika.

aJere: Ndipo musaganize kuti rizevu wa pabwalo ndi waulere. Ine ndi aphunzitsi timasewera DBA, masewera a nkhondo zamakedzana a 1990 aja, ndi timakatoni 12 mbali iliyonse. Ukataya 4 wagonja. Ukasiya awiri kumbuyo, mzere wako uli ndi 10 pamene wa mnzako uli ndi 12, ndiye nsonga zake zikupinda pa iwe. Komanso kuyendetsa kumadalira dayisi imodzi pa nthawi yako. Ikagwa 1, usankhe: uyendetse mzere kapena uyendetse rizevu. Nthawi zambiri mpata ukang'ambika pamzere, dayisi imasankha tsiku lomwelo kugwa 1. Ndiye ndimawaika pafupi kwambiri, kumbuyo kwenikweni kwa malo amene ndikudziwa kuti ndi ofooka, kuti ulendo wawo ukhale wa kusuntha kumodzi.

Kondwani: Pepani kulowerera, ine ndine watsopano, ndili ndi malamulo aulere a One Page Rules okha amene achemwali Tiyamike ananditumizira. Mmenemonso zimenezi zilimo?

Tiyamike: Zilimo Kondwani. Mu Grimdark Future amati Ambush. Kagulu kamatsika koyambirira kwa raundi iliyonse kupatula yoyamba, kutali ndi mdani kuposa mainchesi 9. Koma maraundi ndi 4 okha, ndipo kagulu kotsika sikangalande objective pa raundi imene katsikayo. Ndiye kudikira yomaliza kuti ube malo sikutheka. Uyambe ndi kagulu kamodzi kokha, osapitirira.

Kondwani: Zikomo kwambiri achemwali.

Mphatso wa ku Kamwendo: Zonsezi ndamva, ndipo kutchinga ndiyesa. Koma mukulankhula ngati pali nthawi yobwezera. Agogo akuti ndimuthamangire akatsika, ndimudye pang'onopang'ono mpaka raundi yachisanu. Raundi yachisanu yake iti? Ndani pano anaionapo? Ife timayamba 2 koloko anthu akaweruka ndi kudya nsima. Kuyala kokha, ndi kukangana za mabwinja, ola latha. Ikamakwana 5 koloko ine maso ali pa msewu, chifukwa kukada minibasi zimasowa ndipo njinga yamoto usiku mtengo ndi wina. Timalekera pa raundi yachitatu, tikalimbikira yachinayi, n'kuwerenga mapointi a chipambano.

Bambo a Tadala (admin): Dikirani kaye. Mnyamatayu wanena chinthu. M'shedi mwanga muja dzuwa likangolowa kuseri kwa phiri, madayisi saoneka, ndipo magetsi akazima ndiye basi. Ndikuyesa kukumbukira masewera a mapointi 2000 amene anafika kumapeto, sakubwera m'mutu.

Aphunzitsi Banda: Ndiye nkhani yonse yatembenuka, ndipo tiione bwino chifukwa ikudula mbali ziwiri. Pa masewera a maraundi 3, kagulu kolowa pa yachiwiri kataya gawo limodzi mwa atatu, osati mwa asanu. Pamenepo rizevu wakwera mtengo. Koma mbali inayo ndi yaikulu. Wosunga rizevu amamenya nkhonya yake pa raundi yachiwiri ndi yachitatu ndi anthu osakhudzidwa. Kulipira kwake kumabwera pambuyo: anthu ake atsika pakati pa adani, ali okhaokha, kwawo kwatsala timagulu tochepa tolondera ma objective, ndipo pa raundi yachinayi ndi yachisanu ndi pamene amatha. Ife timatseka masewera ngongoleyo isanaitanidwe. Yamikani amadya, bilu ikamabwera kwada.

Yamikani: Aphunzitsi, ndiye mukuti ndimapambana chifukwa cha dzuwa?

Tiyamike: Ganiza masewera amene ine ndinakugonjetsa. Onse anali a Lamulungu, oyamba m'mawa tikachoka ku tchalitchi cha 6 koloko, ndipo tinamaliza maraundi onse. Pa raundi yachitatu nthawi zambiri umakhala uli patsogolo ndiwe.

Yamikani: Zimenezo ndiye sindikana. Koma si ine ndimachedwetsa. Amene ali ndi theka la asilikali pa tebulo amamaliza msanga nthawi yake. Mphatso ndi anthu ake 80 oyenda pansi, aliyense kumuyeza ndi tepi payekha, ndiye amadya dzuwa.

Mphatso wa ku Kamwendo: Iwe ukamafunafuna potsikira umatha mphindi zingati ukuzungulira tebulo ndi tepi?

Bambo a Tadala (admin): Basi, nonse mumachedwa. Maganizo anga ndi awa. Lamulo la kotala tisaike, chifukwa tikadzapita kukasewera ndi anzathu a ku Lilongwe kapena kwa a Mabvuto tidzapeza malamulo a m'buku, ndipo tidzakhala tisanaphunzire kutchinga. M'malo mwake Loweruka titsike pa mapointi 1000 kuti maraundi 5 azikwana. A 2000 akhale a tsiku loyamba m'mawa. Mabwinja ndiwonjezera, ndili ndi zidutswa za plywood zotsala ku makabati, kuti aliyense azikhala ndi pobisa asilikali ake ndipo Yamikani asamanamizire tebulo. Foni imodzi ikhale yowerengera nthawi, aliyense ola limodzi ndi kotala.

aJere: Ndikuvomereza. Ndiwonjezere kamodzi, kosakakamiza. Wosunga rizevu, wa kunja kapena wa pabwalo, alembe pa kapepala chimene akudikira, apinde, andipatse. Masewera akatha titsegule tione ngati anatsata. Palibe mapointi pamenepo, ndi sukulu chabe.

Yamikani: Ndilemba agogo. Koma musamapenye Mphatso ndi diso lija mukawerenga.

Tiyamike: Bambo a Tadala, pa 1000 pali msampha. Buku limasiya tebulo lomwelo la 44 ndi 60 ngakhale mapointi atsike. Timagulu tachepa ndi theka, bwalo ndi lomwe lija. Ine nditchinga ndi chiyani? Ndikasiya tiwiri kumbuyo, kutsogolo kwatsala anthu owerengeka. Strategic Reserves itsika pa 250, inde, koma Deep Strike ikwanabe mpaka theka. Mukhala mwamupatsa Yamikani mipata yambiri kuposa kale.

Aphunzitsi Banda: Nanga tikadula tebulo pakati, 44 ndi 30, muyeso wa Combat Patrol, masewera a asilikali ochepa aja?

Yamikani: Ayi ndithu! Pa mainchesi 30, timagulu tiwiri ta achemwali titseka tebulo lonse. Ndidzatsikira kuti, pa khonde? Kumeneko ndi kuletsa rizevu mwa njira ina.

Mphatso wa ku Kamwendo: Ine 44 ndi 30 ndaikonda kale.

Mabvuto ku Chipata: Walira mvula walira matope, ba Yamikani. Yesani zonse ziwiri mutiuze, ife tibwera kudzera pa Mwami mwezi wa mawa ngati mapepala yakhala bwino.

Bambo a Tadala (admin): Tichita chomwecho. Thabwa ndi lalikulu, ndijambula mizere yonse iwiri ndi choko. Loweruka lino Mphatso ndi Yamikani pa 44 ndi 60, mapointi 1000, kuyamba 1 koloko, mudyeretu kwanu. Loweruka linalo anthu omwewo, asilikali omwewo, pa 44 ndi 30. Aphunzitsi mugwire foni ya nthawi. Kondwani ubwere udzaonere, ndipo utenge tepi yako chifukwa yanga ndikhala ndikugwiritsa ntchito pa zitseko za kasitomala.

Tiyamike: Loweruka lino ndili pa ntchito mpaka 4 koloko. Wina ajambule tebulo kumapeto kwa raundi iliyonse atumize pano, makamaka ngodya za kumbuyo kwa Mphatso.

Kondwani: Ndijambula ine achemwali. Koma tepi yanga ndi ya masentimita okha, mainchesi 9 ndi angati?

Aphunzitsi Banda: Pafupifupi 23. Koma itembenuze uone kuseri kwake, zambiri zimakhala ndi zonse ziwiri.